Masipuling'i pamwamba pa ekiselo: tinakaiyesa kumiyala

Poyesa galimoto yathu, tinasankha dala msewu wa m'phiri womwe madzi a mvula anaukumba mpaka kusanduka ngalande. Tinkafuna malo oti tayala lina likwere pamwala pamene linzake likutsikira m'dzenje, chifukwa pa tala sipuling'i iliyonse imaoneka yabwino.

Galimoto yathu ndi Land Cruiser 70 Series yakale, ya masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mtunduwu unayamba mu 1984, ndipo pa zikuluzikulu zonyamula katunduzi a Toyota anadzaika masipuling'i ozungulira kutsogolo mu 1999. Pochoka ku fakitale, zitsulozo zimadutsa pansi pa ekiselo, mtanda wachitsulo wolumikiza tayala lakumanzere ndi lakumanja. Ife tinazikhazika pamwamba pake. Kungotero, galimoto imakwera ndi masentimita pafupifupi 13 mpaka 15, malinga ndi kunenepa kwa ekiselo ndi kuchindikala kwa sipuling'i. Ubwino wake ndi woti sufunikanso sipuling'i yokhota kwambiri kuti ukwere. Yokhota kwambiri nthawi zambiri imakhala youma, pomwe yogona imapindika mosavuta, ndipo kupindikako ndi komwe ine ndinkafuna.

Titangolowa m'miyala, kusiyana kunamveka. Kale ma U-bolt, mabawuti okhota ngati chilembo U omangira sipuling'i ku ekiselo, ndi mbale yake ankalendewera pansi pa ekiselo n'kumakoka mwala uliwonse. Tsopano pansipo panali poyera. Koma wina asanamizidwe: difu, chibulumwa cha magiya chapakati pa ekiselo, siikwera ngakhale pang'ono. Chimene chimaikweza ndi tayala lalikulu basi, ndipo masipuling'i amangopereka malo oti tayalalo likwane. Ndiye mnzanga ankatsikabe n'kumandilozera pomwe pali mwala wosongoka.

Pa ngalande ina yakuya ndinaimitsa galimoto itapingasa, n'kutsika kuti ndione shackle, kachitsulo kolendewera kumapeto kwa sipuling'i. Anthu ambiri amakapeputsa, koma ine ndimati mtima wa ntchito yonse uli pamenepa. Sipuling'i ikapanikizika imawongoka n'kutalika, ikamasuka imakhota n'kufupika, ndipo shackle ndiyo imaipatsa mpata wochita zimenezi. Ukaiwotcherera itagona kwambiri, imakagunda chasisi sipuling'i isanamalize kuwongoka. Ukaiika italoza mkati, tayala likatsika kwambiri imatha kutembenuka n'kukanirira komweko. Yathu tinaiika yopendekera kunja galimoto itanyamula katundu wake wa paulendo, osati ili yopanda kanthu. Pa ngalandeyo tayala lakumbuyo lakumanzere linali litabisala m'kati mwa bodi, lakumanja litatsika mpaka pansi pa dzenje, koma onse anayi akugwira nthaka. Ndinasangalala kwambiri. Galimoto yopanda loko wa difu, wokakamiza matayala awiri a pa ekiselo kuzungulira limodzi, tayala limodzi likangoyandama, mphamvu imathawira komweko n'kumangozungulira m'malere.

Masana tinafika pa chitunda cha mchenga ndi timiyala. Apa ndi pomwe kukweza kotereku kumaonetsa vuto lake. Ekiselo ikamakankha galimoto, imafuna kuzungulira mobwerera, ndipo imapotoza sipuling'i kuti ikhale ngati chilembo S. Sipuling'i ikabwerera mwamphamvu, matayala amadumphadumpha, ndipo propshaft (chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ya injini ku difu) kapena chitsulo chachikulu cha sipuling'i chimatha kuthyoka. Masipuling'i ofewa okhala pamwamba pa ekiselo ndiwo amapotoka msanga. Tinali titaikiratu traction bar, chitsulo chochoka pa ekiselo kupita ku chasisi, chokhala ndi shackle yakeyake kutsogolo kuti chisaumitse galimoto. Ndinaika giya yotsika, n'kukwera mosathamanga, ndipo kumbuyo sikunanjenjemere.

Zina ndi zazing'ono koma sizidumphidwa. Mapaipi a mabuleki tinaika otalikirapo, ma shock tinayeza titatsitsa ekiselo mpaka pomalizira, ndipo timipando ta masipuling'i tinatiwotcherera titaona kaye momwe difu yalozera propshaft. Kutsogolo tinasamala kuti ekiselo isazungulire, chifukwa caster, kupendekera m'mbuyo kwa mzere womwe tayala limakhoterapo, ikachepa chiwongolero chimasiya kubwerera pakati ndipo galimoto imayamba kuyendayenda pamsewu.

Pomwe mtima unandigunda ndi pa njira yodutsa m'mbali mwa phiri. Galimoto yokwera imapendekeka mowopsa, makamaka ngati padenga pali katundu. Tinatsitsa zigubu za madzi ndi tayala lapadera n'kuziika pansi m'kati, kenako tinadutsa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake munthu amene amanyamula zolemera n'kumathamanga pa tala sindingamulangize kukweza motere. Iyeyo angosiya masipuling'i pansi pa ekiselo, agule okhota mowonjezera pang'ono ndi ma shock abwino.

Madzulo, tisanamange tenti, ndinalowa kunsi ndi sipanala. Ma U-bolt atsopano amamasuka zitsulo zikakhazikika, ndipo akamasuka, bawuti ya pakati pa sipuling'i imaduka, ekiselo n'kusuntha. Akumbuyo analoladi kumangika pang'ono. Ndinaonanso mabushi ndi malo onse owotcherera, osapeza mng'alu, ndipo tinagwirizana kuti kukacha titsikire mbali ina ya phiri, komwe kuli mtsinje woti tiwoloke.