Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kachipinda ka Kumbuyo

Ndabweranso abale anga. Zikomo nonse amene munandipepesa pa gawo lapita lija, makamaka amayi a ku Katete amene munati munalira powerenga za tsiku limene bambo a ana ananyamula zikwama. Koma inu achimwene amene munalemba kuti za mizukwazi ndikungofuna kutchuka pa Facebook, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, kenako mundiuze ngati munthu angapeke zoterezi.

Mukukumbukira kuti amalume aja a njinga anandipezera ntchito yoyala mabedi pa gesitihausi ina kunja kwa tauni ya Chipata, mukangopatuka pa Great East Road. Dzina sinditchula, ikadalipo mpaka lero. Inali nyumba ya mzungu wolima fodya, ya nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, ya makoma okhuthala ndi khonde lozungulira. Kumbuyo kunali kachipinda kamene kale kanali khitchini. Abwana anakapaka penti n'kuikamo bedi, koma ife antchito dzuwa likalowa sitinkapondamo.

Chaka choyamba chinangodutsa. Mu Januwale 2013 ndalama zinasintha, maziro atatu anachotsedwa, malipiro anga n'kumamveka ngati a mwana wogulitsa zitumbuwa.

Ndiye kunabwera Nc'wala, mwambo wa Angoni uja. Amene munapitako ku Mtenguleni mukudziwa kuti kumapeto kwa Febuluwale m'Chipata bedi limasowa, alendo ena amachita kudutsa pa Mwami kuchokera ku Mchinji. Abwana anati kachipinda kaja tiikemo anthu. Analowamo awiri, bambo ndi akazi awo, koma sanafike m'mawa. Cha m'ma 2 koloko anatuluka ndi katundu m'manja akuti pali munthu akusinja kumutu kwa bedi. Usiku umenewo ndinagona m'chipinda chosungira mabulangete chifukwa ntchito inali yambiri, ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Munsi kugunda mumtondo, du, du, du, kenako zii, kenako kuyambiranso.

Abwana m'malo mochita mantha anaonapo ndalama. Pamalopo pankagona azungu opita ku Mfuwe kukaona nyama, ndiye anandiphunzitsa kankhani: ati mzungu wa fodya uja anafera mmenemo ndipo usiku amayendayenda kufuna kaliwo wake. Popeza Chingerezi ndimachigwirako, wouza alendo ndinali ine. Ankaseka, kujambula chitseko, kundipatsa kangachepe. Musandiweruze msanga, ndinali ndi ana awiri ndi lendi ku Kapata.

Usiku wina mu Juni, kukuzizira koopsa, a madala a pageti aja, amene ankandisungira mbatata yootcha, anandiitana pa mbaula yawo.

"Mwana wanga, unaonapo mzungu akusinja?"

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Anandiuza kuti atate awo ndiwo anali khukhi wa nyumba imeneyo, nthawi ya Chitaganya, dziko lisanalandire ufulu mu 1964. Amayi awo ankakonola chimanga cha antchito a pafamu. Iwo anali kamwana, ndipo sabata imeneyo anali kumudzi kwa ambuye awo chifukwa ankadwala chikuku. M'mawa wina makolo awo onse awiri anapezeka m'khitchinimo atatemedwa, mphale ili mumtondo yosamaliza. Apolisi anabwera, analemba m'mabuku, anatenga antchito awiri, patapita masiku n'kuwamasula. Palibe amene anaimbidwa mlandu. Ena ankati ndi akuba ofuna ndalama za malipiro. Ena ankati ndi wantchito mnzawo wa nsanje. Ena, monong'ona, ankaloza mwini famu. Ndipo mzunguyo sanafere mmenemo ayi, anagulitsa famu n'kupita ku Salisbury, kumene pano timati Harare, ali bwinobwino.

Ankayankhula pang'onopang'ono, maso ali pamakala. Mwina mukuganiza kuti analira. Sanalire. Amene ndinalira ndine, chitenje chili kukamwa kuti alendo asamve.

"Ntchito ya pageti ino ndinaipempha imvi zitayamba kale," anatero. "Ndinkati mwina ndikamva ndidzazindikira kasinjidwe ka amayi."

"Ndiye mumakazindikira, a madala?"

Anasonkhezera makala kanthawi. "Ndinali wamng'ono, mwana wanga. Ndi nkhope yawo yomwe inandithawa."

Sindinagone. Ndinkangoganiza kuti miyezi inayi yonse ndakhala ndikuimirira pakhomo pamene panafera amayi a munthu, n'kumaseketsa alendo ndi kaliwo wa mzungu, mwana wa malemuwo ali pompo pageti akumva. Maina a anthu awiriwo anandiuza, ndimawasunga, sindiwalemba pano chifukwa si anga.

Tsopano apa ndi pamene ndinazengereza masabata atatu osalemba gawo lino. Mawa lake kunabwera galimoto ya azungu asanu. Abwana anandikodola. Ndinayang'ana kugeti, a madala ali chilili atagwira chitsulo chotsekera. Ndipo ndinawauza alendowo nkhani ya kaliwo, yonse, mpaka pamene amasekera. Anandipatsa K50. Ndinagula ufa ndi mankhwala a chifuwa a mwana wamng'ono uja.

Madzulo ake ndinadutsa pageti mutu uli pansi. Anandiitana monga mwa masiku onse, "Mwana wanga, tenga mbatata yako," ndipo inali yotentha, atakulunga m'pepala. Nkhani ija sanaitchulenso mpaka ndinachoka pamalopo.

Anamwalira mu 2016. Uthenga unandipeza ku Lusaka atawaika kale.

Gawo likudzali ndikuuzani mmene ndinachokera pantchitopo, ndi zimene alamu anga aja anachita ndi ndalama zanga za chilimba.