Malita 4 a mankhwala ndi apendikisi imene ndinachotsedwa kale

Apendikisi yanga inachotsedwa ndili ku sekondale, ndipo kwa zaka zambiri chondikumbutsa opaleshoniyo chinali kachipsera kokha kamene kali m'munsi mwa mimba chakumanja. Nkhaniyi inadzuka mwezi watha pamene dokotala ananditumiza kukayezedwa ndi colonoscopy, njira imene amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kotulukira chimbudzi, n'kuyenda nako m'matumbo onse aakulu, amene ndi aatali pafupifupi mita imodzi ndi theka.

Za kuunikako sindikumbuka zambiri chifukwa anandibaya mankhwala ogonetsa, koma kukonzekera kwake sindidzakuiwala. Kwa masiku atatu ndinasiya mgaiwa, nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba, ndipo tsiku lomaliza ndinangodalira tiyi wopanda mkaka ndi msuzi wosefa. Kenako panabwera polyethylene glycol, ufa wosungunula m'madzi okwana malita 4, theka lomwa madzulo ndi theka lina mbandakucha. Mankhwalawa ntchito yake ndi kusunga madzi m'matumbo kuti akokolole chilichonse chimene chilimo, ndipo kakomedwe kake kamchere kamayamba kubwerera kukhosi munthu akangofika pa kapu yachitatu. Pakati pa usiku, nditakhala m'chimbudzi ulendo umene ndinali nditasiya kuwerenga, zotuluka zili madzi achikasu okhaokha, ndinayamba kudzifunsa kuti mabakiteriya othandiza kugaya chakudya amene ndikuwataya chonchi adzabwerera kuchokera kuti, popeza nkhokwe yawo, imene ndi apendikisi, ine ndilibe.

Mawu oti nkhokwe sindinawapeke ndekha. Charles Darwin, m'buku lake la mu 1871, ankaona apendikisi ngati chotsalira chopanda ntchito, ndipo maganizo amenewa anakhazikika kwa nthawi yaitali. Mu 2007, William Parker ndi Randal Bollinger a ku Duke University ku America anafotokoza kuti kachiwalo kameneka, kamene kamalendewera poyambira matumbo aakulu ndipo khomo lake ndi lopapatiza, kamasunga mabakiteriya omatirira ku makoma ake kumene mphamvu ya kutsekula m'mimba siifika mokwanira. Matenda ngati kolera akakokolola matumbo, otsala m'kachisa kameneka amatuluka n'kuswananso. Amene tinaona kolera ya mu 2022 ndi 2023 m'dziko muno sitivutika kumvetsa phindu la mbewu yosungidwa chotere.

Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi kafukufuku wa Jonna Jalanka ndi anzake amene anatuluka mu 2015 m'magazini ya zachipatala yotchedwa Gut. Iwo anamwetsa anthu athanzi 23 mankhwala otsuka matumbo ndipo anapeza kuti mabakiteriya anachepa pafupifupi ka 31, koma pofika masiku 14 anali atabwerera mwakale. Anaonanso kuti mwa amene anamwa mankhwalawo mogawa kawiri, mabakiteriya anasokonezeka pang'ono poyerekeza ndi amene anamwa onse nthawi imodzi. Namwino anali atandiuza kuti kugawako kumathandiza matumbo kuyera bwino, ndiye ndinakondwa kudziwa kuti kunali kuteteza zinanso.

Kwa ine, phunziro la manambala amenewa ndi lakuti kuchepa ka 31 si kutheratu. Thupi la munthu wamkulu limanyamula mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ochuluka mwa iwo ali m'matumbo aakulu, choncho ngakhale otsalawo ndi khamu losawerengeka, ndipo ambiri amakhala atamatirira ku mamina okuta makoma a matumbo onse, osati mu apendikisi mokha. Mankhwala otsuka amangokokolola, sapha ngati mmene amachitira maantibayotiki. Kumbali ya maantibayotikiko n'kumene funso la apendikisi limakula, chifukwa kafukufuku wina wa ku America wa mu 2011 anasonyeza kuti matenda otsekula m'mimba oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium difficile, amene kawirikawiri amabwera munthu akamwa maantibayotiki, ankabwereza kwambiri mwa anthu opanda apendikisi, ngakhale kuti ofufuza ena pambuyo pake sanapeze zofananazo.

Nditadzuka, dokotala anandionetsa zithunzi pa kompyuta. Anati kakhomo ka apendikisi ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene amaonera kuti kamera yafika kumapeto kwa ulendo wake, ndipo anandilozera kadzenje kakang'ono kotsekeka pa khoma lofiirira, pamene yanga inadulidwa. Sabata yoyamba m'mimba munkalira ndi mpweya, ndipo ndinkadya phala ndi chambiko mosamala ngati wodwala. Pa tsiku la 10 ndinadya nsima ya mgaiwa ndi nyemba ndi chisoso, ndipo usiku umenewo ndinagona osadzukako.