Sabata yotchera khutu pansi pa nyanja ku Cape Maclear

Gulu lathu lili ndi odziwa za phokoso, wa makompyuta, wa nsomba ndi wa filosofi. Tikuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa kulira kwa mbuna, tinsomba tokhala m'miyala, ndi kulira kwa injini za maboti m'dera la Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980.

Lolemba tinamiza maikolofoni a m'madzi pafupi ndi miyala. Zojambula za maikolofoni imodzi zimadya malo osungira pafupifupi 12 GB patsiku. Mbuna yamphongo ikamakopa yaikazi imatulutsa kamgugu kotsika, kosafika 1 kHz (kunjenjemera ka 1,000 pa sekondi), kamene sikamveka patali. Maikolofoni ikatalikira miyalayo, mwataya tsiku.

Lachiwiri kunawomba mwera. Chingwe cha maikolofoni chinkakhuda pamwala, ndipo phokoso lake pa spectrogram, chithunzi choonetsa phokoso pa kompyuta, limafanana ndi injini yakutali. Mankhwala ake ndi kukulunga chingwe ndi mphira ya chubu, kuchimangirira ku mwala wolemera, n'kusiya maikolofoni ikulendewera osakhudza mchenga.

Lachitatu ndi Lachinayi zinathera pa mahedifoni: kudula zojambula m'tizidutswa ta masekondi 5 ndi kulemba kuti aka ndi nsomba, aka injini, aka mafunde. Msampha uli apa. Mukaphunzitsa kompyuta ndi kuiyesa pa zojambula za tsiku limodzi, imakhoza bwino mwachinyengo, chifukwa yaloweza phokoso la tsikulo. Yesani pa malo ena ndi tsiku lina.

Nkhani yolemera inabwera Lachisanu, titakhala pansi ndi a komiti ya padoko ndi anyakwawa. Malire a paki amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera kumtunda, ndipo m'menemo kupha nsomba n'koletsedwa. Koma phokoso m'madzi limathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi ndipo limafika kutali, choncho maikolofoni imodzi singanene ngati boti lili mkati kapena kunja kwa malire. Wa filosofi anafunsa kuti makina akalakwitsa, msodzi n'kulandidwa ukonde wake wa chilimira, ayankhe ndani? Mkulu wina anawonjeza kuti: "Bambo, injini iliyonse pano timaidziwa ndi kulira kwake. Makina anuwo sadzatchula mwini wake?"

Mkuluyo akunena zoona, ndipo ine ndili kumbali yake. Tinagwirizana kuti kompyuta izingowerenga kuchuluka kwa injini pa ola, osazindikira boti, ndipo komiti izimva zotsatira m'Chichewa ndi m'Chiyao zisanapite kwina kulikonse.