Kabuku ka Indiana

Anzanga, dzulo madzulo mtsikana wanga wa Grade 4 anatikhazika pansi nyumba yonse kuti tione kabuku kamene adzipangira kusukulu kokhudza chigawo chathu chino cha Indiana, kuno ku America. Tsamba lililonse lili ndi chithunzi chopaka yekha makrayoni: mbalame yofiira ija ya cardinal, duwa la peony, galimoto za mpikisano wa Indy 500. Chandigwira mtima ndi tsamba la mbendera ya chigawochi, yomwe ili ndi muuni ndi nyenyezi. Aphunzitsi sanayambe ndi kuwauza kanthu ayi. Anangowapatsa mbendera yopanda utoto, ana napaka muuni uja ndi nyenyezi zake, kenako anawafunsa kuti zilipo zingati. Atawerenga n'kupeza 19, m'pamene anawafotokozera kuti Indiana inali chigawo cha nambala 19 kulowa mu United States, mu 1816. Akudziwanso kuti likulu linali ku Corydon lisanasamukire ku Indianapolis, zomwe akuluakulu ambiri kuno ku South Bend sangakuyankheni.

Ife kumudzi tinkangoimba mayina a mitsinje ndi maboma ngati nyimbo ya Sande sukulu, mayeso akatha zonse fuu! Kunena zoona njira iyi yaposa. Ndipo siilira ndalama zambiri. Aphunzitsi anzanga a ku Mulanje, katoni wakale ndi khala zikukwanira: mwana ajambule nsonga ya Sapitwa, alembepo mamita 3,002, pambali mtengo wa mkungudza. A ku Mangochi ajambule chambo ndi Shire akutuluka m'nyanja. Ndani wayesapo kale m'kalasi mwake? Nditumizireni zithunzi.