Mmene tinakonzekerera mayeso a Chingerezi a Fomu 2 ndi mwana wanga

Mwana wanga wamkazi wamaliza kulemba mayeso a JCE, ndipo lero ndi pamene mtima wanga wakhala m'malo, ngakhale kuti nkhani ya pamfuleti yomwe ndinagula ku Limbe ikundiwawabe. Makolo ena amapeputsa mayeso a Fomu 2 chifukwa boma linawathetsapo kwa zaka zingapo mpaka pamene anayambiranso mu 2021, koma dziwani kuti bungwe la MANEB silipereka setifiketi kwa wophunzira amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi.

Tinayamba ndi galamala, chifukwa ndi kumene aphunzitsi ake anati akutaya malikisi ambiri. Ana athu amalakwitsa pamalo omwe Chichewa sichisiyanitsa. Ife timangoti "iye", kaya ndi mwamuna kapena mkazi, choncho mwana amayamba ndime ndi "she" n'kukaimaliza ndi "he" osazindikira. Tilibenso timawu tonga "a" ndi "the", ndipo iye ankangotidumpha ngati tosafunika.

Pofuna kumuthandiza, ndinagula pamfuleti ya mafunso ndi mayankho pa K7,500 m'shopu ina ya zolembera ku Limbe. Ndinalakwa chinthu chimodzi, ndipo ndikupempha kholo lililonse lisabwereze: sindinaitsegule pamaso pa wogulitsa, komanso sindinakaionetse kaye kwa aphunzitsi. Mwanayo analoweza mayankho a kumapeto kwa pamfuletiyo kwa milungu iwiri yathunthu. Tsiku lina anabwera akulira ndi pepala la mayeso a m'kalasi lodzaza ndi inki yofiira. Funso lina linali loti amalize chiganizo chakuti "She rarely comes late", ndipo iye analemba "doesn't she?" monga mmene pamfuleti inanenera, pamene yankho lolondola ndi "does she?" popeza mawu akuti "rarely" ndi okana kale. Aphunzitsi ataiwerenga anapezamo mayankho ena olakwika, kuphatikizapo lovomereza "borrow me your pen" m'malo mwa "lend me your pen", komanso anaona kuti masamba anayi a gawo la sewero munalibe.

Loweruka lotsatira ndinasiya benchi langa la kaunjika mumsika wa Ndirande, ndipo aliyense wochita geni akudziwa kuti Loweruka ndi tsiku la ndalama. Ndinakwera minibasi kupita m'tauni, kenako ina ya ku Limbe, yomwe inakhala nthawi yaitali pamzere wa magalimoto pa Chichiri. Nditafika cha m'ma 9 koloko, mnyamata wa m'shopumo anati eni ake atuluka pang'ono. Ndinakhala pakhonde mpaka 2 koloko masana osadya kanthu. Nditamupempha kuti angondijambulira masamba osowawo, anati magetsi azima. Eni ake atafika sanafune ngakhale kuyang'ana zomwe aphunzitsi anazungulira ndi cholembera, anangoti, "Mayi, katundu akatuluka sabwezedwa." Ndinawayankha kuti, "Bambo, si ndalama zokha ayi, mukuphunzitsa ana a anthu zabodza," koma iwo anatembenukira kasitomala wina. Ndinabwerera kunyumba opanda ndalama, opanda masamba aja, nditawononganso ndalama ya minibasi zinayi. Mukamagula pamfuleti, werengani masamba onse pomwepo musanatulutse ndalama, ndipo mwana asaloweze kalikonse aphunzitsi asanaione.

Gawo la sewero tinalikonza tokha kunyumba ndi buku lomwe anabwereka kusukulu. Poyamba iye ankawerenga chamumtima ngati nthano, n'kumadumpha mawu opendekeka aja omwe amauza wosewera kuti alowe, atuluke, agwade kapena ayankhule monong'ona. Aphunzitsi anamuuza kuti amenewo ndi ma "stage directions", ndipo kuti mafunso okhudza khalidwe la munthu kawirikawiri yankho lake limabisala momwemo. Tinayamba kugawana mbali madzulo tikatha kudya nsima: ine ndinkakhala mayi wa m'seweromo, mlongo wake ankakhala bambo, iye mwana wopanduka. Magetsi akazima tinkaunikira ndi tochi ya foni. Mlongo wakeyo atamenya tebulo monga mmene buku linalamulira, mwana wanga anati, "Amayi, ndiye kuti munthuyu ndi waukali koma akuopa," ndipo kuyambira pamenepo sanavutikenso kufotokoza kusiyana kwa "plot", komwe ndi kayendedwe ka nkhani, ndi "theme", yomwe ndi mfundo yaikulu imene wolemba akufuna tiimve. Tikamaliza "scene" iliyonse ndinkamufunsa kuti wayankhula ndani, kwa yani, ndipo mkangano wafika pati.

Ndaiwala kutchula aneni osatsata lamulo, amene anatidyera nthawi yambiri kuposa zonse za galamala. Mawu ngati "go, went, gone" kapena "take, took, taken" alibe njira yachidule, ndipo tinawalemba pakatoni n'kukhoma pachitseko cha kuchipinda kuti aziwaona podzuka.

Za mawu atsopano sindichulukitsa. Ndinamugulira kope laling'ono, ndipo tsiku lililonse ankalembamo mawu asanu otengedwa m'nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times zomwe ndimakulungira zovala kumsika, ndi chiganizo chake chopeka yekha pa liwu lililonse. Kudziwa kuti "un-" ndi "dis-" zimatembenuza tanthauzo kunamuthandiza kulota mawu omwe sanawaonepo. Tinalimbananso ndi "l" ndi "r", chifukwa m'Chichewa kusinthanitsa zilembozi sikusokoneza tanthauzo, koma m'Chingerezi "pray" ndi "play" ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pamfuleti ija inalinso ndi mndandanda wa matanthauzo, koma nditaona zimene ndinaona sindinamulole kuukhudza, tinadalira dikishonale ya mnansi wathu.

Usiku woti mawa alemba Chingerezi sindinamulole kuwerenga kupitirira 8 koloko. Tinaika chitupa chake cha mayeso ndi zolembera ziwiri m'chikwama, ndipo m'mawa ndinamuperekeza mpaka pageti la sukulu. Pamfuleti ija ndinakaisiya kwa aphunzitsi ake, omwe anati aionetsa makolo onse pamsonkhano wotsatira kuti ena asakagulenso.