Mmene ndinatsitsira SWR ya ovaova ya pagalimoto kuno ku Mzuzu

Ovaova (wailesi yolankhulirana) ya pa lole yathu yayambanso kugwira bwino ntchito, mtima wanga wakhala pansi. Timanyamula matabwa ku Chikangawa, ndipo m'nkhalango muja muli malo amene netiweki ya foni imasoweratu. Wailesi yathu kumva inkamva, koma tikalankhula anzathu ankangomva phokoso, iyo n'kumatentha kumbuyo. Vuto linali SWR.

Mukadina batani lolankhulira, mphamvu imachoka mu wailesi, kudutsa mu kebulo, kukatulukira pa eriyo. Eriyo ikapanda kugwirizana ndi frequency yanu, mphamvu ina imabwerera komwe yachokera. SWR ndi muyeso wa zimenezi. Pa 1.5:1 imabwerera 4 peresenti yokha, pa 2:1 pafupifupi 11, koma pa 3:1 ndi 25 peresenti yathunthu. Apa mpamene wailesi imatentha, ndipo zambiri zamakono zimadzichepetsera zokha mphamvu poopa kupsa.

Musanagwire eriyo, yang'anani kebulo. Ikhale ya 50 ohm. Izi ndi zimene zinandidyera tsiku lonse. Kebulo yathu yakale inali itang'ambika pamene imalowera m'kabini, choncho ndinapita pa shopu ina m'tauni muno n'kunena momveka bwino kuti ndikufuna RG-58, yomwe ndi kebulo ya 50 ohm. Mnyamata wa pamenepo anandiyezera kebulo yakuda yopanda zolemba. Nditafunsa, anati: "Ndi yomweyo bwana, kebulo ndi kebulo." Ndinakayika pagalimoto, kuyeza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kukweza eriyo, kutsitsa eriyo, singano ya mita yoyezera SWR osafuna kutsika pa 2. Lole ili chiimire, matabwa akudikira, bwana akuimba foni. Madzulo anabwera bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza mawailesi kuyambira kalekale. Anangosenda nsonga ya kebulo n'kundionetsa: waya wapakati mmodzi wolimba gwa, tiwaya takunja ta aluminiyamu tokana kuwotcherera. "Achimwene, iyi ndi ya dishi." Inali RG-6, ya TV, ya 75 ohm. Nditabwerera kushopu anakana kundibwezera ndalama, ati kebulo yodula kale sabweza. Anadula ndani? Munthu kugulitsa chinthu chimene sakuchidziwa, n'kumatsimikiza ngati anachipanga yekha! Zinandiwawa kwambiri, mpaka pano ndikadutsa pamenepo mtima umawira.

Kayezedwe kake sikovuta. Mita imakhala pakati pa wailesi ndi kebulo ya eriyo, polumikiza ndi kakebulo kafupi. Mbali yolembedwa TX ipite ku wailesi, ya ANT ku eriyo. Ikani switchi pa FWD (mphamvu yopita ku eriyo), dinani batani lolankhulira, tembenuzani CAL mpaka singano ifike pa SET, kenako ikani pa REF (mphamvu yobwerera) muwerenge SWR. Wailesi ikhale pa mphamvu yochepa, ndipo musakanikize nthawi yaitali. Mukasintha tchanelo, yambiraninso pa FWD. Paja mita nayonso ikhale yoyenera. Ya CB, ya 27 MHz, simungaidalire pa VHF, pamene ovaova zambiri zimagwira pakati pa 136 ndi 174 MHz.

Ndaiwala kunena za malo. Musayezere m'galaja kapena pafupi ndi mpanda wa malata. Ife tinakaimika lole pabwalo lopanda kanthu cha ku Luwinga, zitseko zotseka, anthu atatalikira eriyo. Ngakhale munthu kungoima pafupi nayo, singano imasuntha. Ndipo yezerani pa matchanelo anu okha amene ali pa laisensi yanu ya MACRA, mutayamba mwamvetsera kuti palibe amene akulankhula.

Yezani tchanelo cha frequency yotsika kwambiri ndi cha yokwera kwambiri. SWR ikakhala yabwino kotsika koma yoipa kokwera, eriyo yatalika. Zikatembenuka, yafupika. Eriyo wamba ya quarter wave pa 150 MHz imakhala cha m'ma 48 cm. Yambani ndi kumasula kasikuluwu ka m'tsinde ndi Allen key, musunthe chitsulocho. Pokhapokha malo osunthira atatha mpamene mungadule, kumunsi kwake, 2 kapena 3 mm basi, n'kuyezanso. Mukadula kwambiri, mukagula eriyo ina.

Chinanso chimene bambo aja anandionetsa ndi patsinde. Eriyo yotere imadalira chitsulo cha galimoto ngati mbali yake yachiwiri, ndiye penti ndi dzimbiri zikatchinga, mudzadula mpaka eriyo kutha osaona kusintha. Tinapala pansi pa bulaketi mpaka chitsulo kuwala.

Titaika RG-58 yeniyeni ndi pulagi ya PL-259 yowotcherera bwino, singano inagwa yokha, ndipo titasuntha eriyo pang'ono inakhazikika pa 1.3. Tinasiyira pomwepo, chifukwa kufunafuna 1:1 n'kutaya nthawi. Tinakulunga polumikizira ndi tepi ya rabala yomatana yokha, poti mvula ya Mzuzu ndi mawawa a mu Juni zikalowetsa madzi mu kebulo, imaonongekera m'kati osaoneka. Mukapita kogula kebulo, werengani nokha zolemba za pakhungu lake. Ngati simukuona 50 ohm kapena RG-58, musalole kuti adule.