Makina ochapira, nyumba ya lendi ndi dzina lomwe boma silinkalidziwa

Ine ndi mayi a kunyumba tinayamba ndi nyumba imodzi ya lendi kuno ku Houston, m'chigawo cha Texas ku America, titatolera ndalama pa ntchito yosamalira okalamba usiku. Kenako tinagula malo ochapira zovala, aja anthu amaponya makobidi m'makina n'kumadikira akuseweretsa foni.

Loya wathu anatilangiza kuti tilembetse mtundu wa kampani wotchedwa series LLC. Kampani imakhala imodzi, koma mkati mwake muli nthambi, iliyonse ndi katundu wake ndi ngongole zake. Wina akaterereka pamadzi kochapirako n'kutisumira, nyumba ya lendi siikhudzidwa. Mtundu uwu unayambira m'chigawo cha Delaware mu 1996, ku Texas unafika mu 2009. Tinalipira $300 ku ofesi ya Secretary of State ku Austin, yomwe imalembetsa makampani ku Texas, basi tinkaona ngati tatha.

Mavuto anabwera mu 2021, makina atayamba kufa mmodzimmodzi. Tinapita kubanki ina kukapempha ngongole, makina atsopanowo akhale chikole. Kuno wobwereketsa amalembetsa kuboma fomu ya UCC-1 yosonyeza kuti katundu wakuti ndi chikole chake, ndipo dzina la wangongole likalakwika pafomupo, chikolecho chikhoza kumupulumuka m'manja. Mkulu wa ngongole anatifunsa kuti wangongoleyo ndani, kampani yonse kapena nthambi? Nthambi yathu inali m'pangano lathu lokha, m'kaundula wa boma munalibe. Kalata yotsimikiza kuti ilipo sitikanaipeza kulikonse. Iwo anafuna kuti kampani yonse isayine, nyumba ilowemo. Mayi anandikanda pansi pa tebulo. Titatuluka anati, "Bambo, nyumba ija ndi ya ana, musaiyike pakamwa pa ng'ona."

Tinapirira ndi makina okalambawo pafupifupi chaka, ine ndikugona ndi sipanala.

Pa 1 June 2022 lamulo latsopano la Texas linayamba kugwira ntchito. Linasiyanitsa protected series, yomwe imangokhala m'mapepala anu, ndi registered series, yomwe mumailembetsa kuboma payokha. Delaware inali itachita kale zimenezi mu 2019. Nthambi yolembetsedwa imakhala ndi dzina m'kaundula, lokhala ndi dzina la kampani mkati mwake, ndipo limakhala ndi zilembo RS kapena mawu onse akuti registered series. Dzina limenelo ndi lomwe limapita pa UCC-1. Tinalembetsa nthambi yochapira yokha. Ya nyumba tinaisiya momwemo poti sikongola kanthu.

Chimene loya amabwerezabwereza mpaka kutopetsa n'chakuti mpanda wa pakati pa nthambi umalimba pokhapokha mabuku akakhala osiyana. Tsiku lina ndinatenga ndalama za kochapira kulipira wokonza denga la nyumba. Mayi ataziona anandibwezetsa mawa lake lomwe, ndi lisiti pamwamba.

Ngongole ija inatuluka m'dzina la nthambi, ndipo makina khumi ndi awiri anafika pa thiraki m'mawa wa Loweruka, kukugwa mvula.